Kodi phokoso la pa chigayo limayezedwa bwanji, ndipo lingagonthetse munthu?

Abale ndi alongo, ndikupempha malangizo kwa amene akudziwa za umoyo wa anthu pantchito. Ndakhala ndikugwira ntchito pa chigayo kwa zaka zingapo, ndipo malo anga ali pafupi ndi injini ya dizilo, pomwe ndimathira chimanga kuyambira m'mawa mpaka madzulo, makamaka nyengo yokolola pamene mzere wa amayi suduka. Masiku ano ndikaweruka, m'makutu mumalira ngati mwalowa nkhululu, ndipo pagulu ndimamva kuti munthu akuyankhula koma mawu ake sindiwagwira bwino. Eni chigayo akuti ndi ukalamba, chonsecho sindinakwanitse zaka 40. Kodi pali njira yoyezera phokosoli, nanga ndingadziwe bwanji kuti ndilo likuwononga makutu anga?

Yankho loyamba: Bambo, phokoso limayezedwa m'ma decibel, umene ndi muyezo wa kukula kwa mawu, koma kukula kwake pakokha sikunena zonse, chifukwa chimene chimawononga khutu ndi kukula kwa phokoso pamodzi ndi nthawi imene mwakhala mmenemo. Mayiko ambiri amaika malire pa ma decibel 85 kwa maola 8 patsiku. Malinga ndi mawerengedwe a bungwe la NIOSH la ku America, loona za umoyo wa anthu pantchito, phokoso likakwera ndi ma decibel 3 okha, mphamvu yake imawirikiza kawiri, choncho nthawi yololedwa imadulidwa pakati: pa 88 ndi maola 4, pa 91 ndi maola 2, pa 94 ndi ola limodzi, ndipo pa 100 ndi mphindi 15 basi. Apa ndi pamene ambiri amanyengeka, poganiza kuti 94 ndi 85 n'zoyandikana. Zida zake zilipo ziwiri. Sound level meter imayeza phokoso la pamalo pa nthawi imeneyo, pamene dosimeter amakumangirirani paphewa, pafupi ndi khutu, kuti iwerenge phokoso lonse limene mwalandira tsiku lathunthu. Kwa inu amene mumasuntha pakati pa injini, sikelo ndi pakhomo, yachiwiriyi ndiyo ingapereke chithunzi choona. Popanda chida chilichonse, yesani izi: ngati mukufunika kukuwa kuti munthu amene waima mita imodzi kuchokera pamene muli akumveni, mwachidziwikire phokosolo lafika kapena lapitirira 85.

Wofunsa: Zikomo kwambiri, achimwene. Kwathuko timachita kuyankhulana ndi manja chigayo chikamalira. Nanga mapulogalamu a pafoni oyeza phokoso ndi odalirika? Komanso ndimatseka makutu ndi thonje, kodi limathandiza?

Yankho loyamba: Foni ingakupatseni chithunzithunzi chabe, koma si umboni woti n'kupita nawo ku ofesi, popeza maikolofoni a mafoni amasiyana ndipo sanachunidwe kuti agwire ntchitoyi. Thonje limatchinga fumbi la ufa, koma phokoso limadutsa pafupifupi lonse. Pamafunika zotsekera m'makutu zenizeni kapena zophimba makutu onse, ndipo muzivale nthawi yonse imene injini ikulira, chifukwa kuzivula ngakhale kwa kanthawi kumachepetsa kwambiri chitetezo cha tsikulo.

Yankho lachiwiri: Ine ndiwonjezere za kuchipatala, bambo. M'kati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati tsitsi timene timasandutsa kunjenjemera kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo, ndipo phokoso lalikulu likawononga timaseloti, sitimeranso. Poyamba makutu amatseka madzulo n'kutseguka m'mawa, koma zikamabwerezedwa kwa zaka, kugonthako kumakhazikika. Pokuyezani amakuvekani mahedifoni m'chipinda chopanda phokoso n'kujambula zotsatira papepala lotchedwa audiogram. Kugontha kobwera ndi phokoso kumakhala ndi chizindikiro chake: mzere wa papepalalo wosonyeza mmene mukumvera umatsika pa 4000 Hz (Hz ndi muyezo wa kupyapyala kwa mawu) kapena pafupi ndi pamenepo, kenako n'kukweranso pa 8000 Hz, ndipo kawirikawiri zimatero m'makutu onse awiri, pamene kwa ukalamba mzerewo umangotsetsereka osakweranso. Mawu opyapyala monga "s" ndi "f" ndiwo amayamba kusowa, n'chifukwa chake mukumva kuyankhula koma osagwira mawu. Kuyezaku kumachitika pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndiponso ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe. Mukapite mutatha maola osachepera 14 kutali ndi chigayo, kuti kutseka kwa kanthawi kusasokoneze zotsatira.

Yankho lachitatu: Pepala la kuchipatalalo mulisunge bwino, pakuti ndilo adzafanizire ndi zotsatira za chaka chamawa kuti aone ngati vutoli likukula. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapereka udindo woteteza umoyo wa antchito kwa owalemba ntchito, choncho zotsekera m'makutu si zoti muzigula ndi malipiro anu. Mukatenga zotsatira, mupite nazo ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, mukapemphe kuti oyendera malo a ntchito adzaone chigayocho, ndiponso mukafunse ngati vuto lanu lingalowe m'ndondomeko ya chipukuta misozi pansi pa lamulo la Workers' Compensation Act la 2000.