Ndi pulasitiki iti yoyenera kukutira mkati mwa kit car?

Akuluakulu nonse a pagulu pano, ndikupempha nzeru kwa inu amene munamangapo galimoto yodzilumikizira nokha (kit car), makamaka ya maonekedwe a Lotus Seven, ija ya mipando iwiri yopanda denga. Yanga yafika poti injini, giyabokosi ndi mawaya zonse zili m'malo mwake, ndipo chatsala ndi kukuta mkati: m'mbali mwa mipando, kumbuyo kwake, dashibodi, ndiponso ngalande ya pakati imene giyabokosi ndi shafiti zimadutsamo. Felemu yake ndi ya mapaipi achitsulo a makona anayi a mamilimita 25, ndipo pansi ndi kunja ndakhomerapo kale aluminiyamu ndi mariveti, choncho mapanelo amene ndikufunsawa sadzanyamula kanthu; ntchito yawo ndi kubisa mapaipi ndi mawaya basi.

Mkatimo sindikufuna kuikamonso aluminiyamu chifukwa imalira galimoto ikamanjenjemera, imaotcha mwendo dzuwa likaiwomba, ndipo m'mphepete mwake mumacheka. Perspex, pulasitiki yoonekera ngati galasi ija, ndinaisiya msanga, popeza imang'aluka poiboola ndipo pa ngozi imasweka n'kusiya zidutswa zakuthwa pafupi ndi mawondo. Polycarbonate ndi yolimba zedi, koma imakandika mosavuta ndipo petulo amaiwononga. Mapulasitiki a HDPE ndi polypropylene sagwira guluu, pamene ine ndikufuna kumata vinyl, nsalu ya pulasitiki yooneka ngati chikopa, pa mapanelo ena.

Zatsala ziwiri, ndipo m'pamene mutu wandiimira. Yoyamba ndi PVC ya thovu imene olemba zikwangwani amagwiritsa ntchito, ija imatchedwa Foamex kapena Forex. Imandikopa chifukwa kulemera kwake ndi pafupifupi theka la pulasitiki yolimba yotchedwa ABS, ndipo munthu amaidula ndi mpeni wakuthwa popanda makina. Chimene chikundiopsa n'chakuti imayamba kufewa pa madigiri 60 mpaka 70, pamene dashibodi yakuda ya galimoto yoimikidwa padzuwa imatha kufika pamenepo ngakhale kupitirira. Yachiwiri ndi ABS yakuda, yosalala mbali imodzi ndi yokhakhala mbali inayo, imene safewa mpaka pafupifupi madigiri 100, ndipo mtima wanga uli kumeneko ngakhale ndikudziwa kuti dzuwa limaifwifwitsa n'kuiumitsa pakapita zaka. Ndithandizeni pa zinthu izi: kodi ABS yokhuthala mamilimita 2 ndi yokwanira kapena ndigule ya mamilimita 3, ndiimangirire bwanji pa felemu yachitsulo, ndipo kodi ingapirire kutentha kwa pa ngalande ya giyabokosi?

Yankho loyamba

Bambo, tengani ABS ya mamilimita 3 pa dashibodi ndi pa mapanelo akuluakulu, pakuti ya mamilimita 2 imagwedera ngati palibe paipi kumbuyo kwake ndipo siigwira bwino mageji ndi maswitchi. Koma vuto lalikulu limene mudzakumane nalo silili pa kufewa, lili pa kufutukuka. ABS imatalika pafupifupi mamilimita 0.08 pa mita iliyonse kutentha kukakwera ndi digiri imodzi, pamene chitsulo chimatalika mamilimita 0.012 okha. Tanthauzo lake n'lakuti panelo ya mita imodzi imene mwaikhoma m'mawa kukuzizira idzafuna malo oonjezera a pafupifupi mamilimita 3 ikatenthedwa ndi madigiri 40, ndipo ngati mwaipanikiza ndi mariveti kuzungulira konse, idzatumphuka pakati pa mariveti kapena kung'aluka pa mabowo.

Choncho mariveti muwasiye. Ikani ma rivnut (manati okhomera m'bowo ngati riveti) m'mapaipi, mugwiritse ntchito mabawuti a M5 (onenepa mamilimita 5) a mutu wobulungira, ndipo pa pulasitikiyo muboole mabowo a mamilimita 8 kuti izitha kuyenda pang'ono pansi pa washa. Bawuti imodzi yokha ya pakati ndiyo ikhale ndi bowo lothina, kuti panelo izifutukukira mbali zonse mofanana, ndipo zotsalazo musazimange mwamphamvu. Njirayi ilinso ndi ubwino wakuti tsiku limene mudzafune kufika pa mawaya mudzangomasula, osaboolanso kanthu.

Popinda, yambani mwajambula panelo yonse pa katoni n'kuiyesa m'galimotomo. Kenako tenthetsani mzere wopindapo ndi heat gun, chipangizo chouzira mpweya wotentha, kuchokera ku mbali yosalala, mukuyendetsa dzanja osaima malo amodzi, ndipo mupindire pa thabwa n'kugwira mpaka izizire. Mukatenthetsa mbali yokhakhala, mawanga ake amasungunuka ndipo pamatsala chigamba chonyezimira chimene sichichoka.

Yankho lachiwiri

Ndikugwirizana ndi akulu ayankha pamwambapa pa zonse kupatula ngalande, imene sanaitchule. Achimwene, pamenepo musaikepo pulasitiki yokha ayi. Pansi pa ngalandeyo pamadutsa giyabokosi yotentha, shafiti yozungulira, ndipo pa magalimoto ambiri a mtundu umenewu mapaipi a petulo ndi a mabuleki amadutsanso momwemo. ABS wamba imayaka ndipo imatulutsa utsi wakuda wochuluka. PVC imazima yokha mukachotsa lawi, koma utsi wake uli ndi mpweya wa hydrogen chloride umene umaotcha m'mapapo. Chilichonse cholekanitsa munthu ndi injini, petulo kapena ekizozi chikhale chachitsulo kapena cha aluminiyamu, chomatidwa bwino m'mphepete, ndipo ABS ibwere pamwamba ngati chovala chabe, pakati pake mutaikapo chotchinga kutentha. Kumbuyo kwa mipando chitaninso chimodzimodzi ngati thanki ya petulo ili kumeneko.

Za dzuwazo musazipeputse, chifukwa galimoto yopanda denga ilibe galasi lotchinga mkati mwake. Pogula mufunse ABS yokutidwa pamwamba ndi pulasitiki yopirira dzuwa ya ASA kapena acrylic, imene inapangidwira kukhala panja. Mapanelo amene mudzawamate vinyl sakufunika zimenezo, koma pamenepo samalani ndi guluu: sankhani wopirira kutentha, mukhule pulasitikiyo pang'ono ndi sandipepa, ndipo muyambe mwayesa pa kachidutswa, popeza mankhwala a m'guluu wina amasungunula ABS monga amachitira mankhwala osungunulira otchedwa acetone.

Wofunsa

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ngalande ndi kumbuyo kwa mipando ndiikamo aluminiyamu kaye monga mwanenera, ndipo mabowo ndiwakulitsa. Funso landitsalira ndi la dashibodi, imene idzakhala ndi mabowo akuluakulu a mageji moyandikana, pakati pake n'kutsala timizere topyapyala ta pulasitiki. Kodi ABS ya mamilimita 3 ingaime yokha pamenepo, kapena ndimatire kumbuyo kwake nthiti za ABS yomweyo ndi acetone? Ngati alipo amene anayesapo Dibond, ija ya aluminiyamu mbali zonse ziwiri ndi polyethylene pakati, andiuzeko mmene anabisira m'mphepete mwake kuti musacheke mawondo.