Thandizeni abale, tú ndi usted zandizunguza mutu ndipo Loweruka layandikira

Membala wobisa dzina: Adimini chonde dzina langa lisaoneke. Abale Loweruka likubwerali ndikuyankhula pa vidiyo koyamba ndi makolo a chibwenzi changa, iwowo Chingerezi samva olo pang'ono, ndi Chisipanishi basi. Ndinayamba kuphunzira pa ka apu kena koma foni yake sikirini ndi yosweka, mwana wa achemwali anga anaigwetsa pa simenti ndipo mayi wake mpaka lero sanapepese, m'malo mwake akuuza anthu kutchalitchi kuti ndayamba matama poti ndapeza mzungu, chonsecho munthuyo si mzungu n'komwe. Ndinalipiranso mnyamata wina K15,000 kuti azindiphunzitsa, anatumiza mavoisi awiri n'kuzimitsa foni. Funso langa ndi ili, yo ndi ine, izo ndamva. Koma pofuna kunena iwe kapena inu ndikupeza tú, usted, vos, vosotros, ustedes, zonsezi za chiyani? Apongozi ndiwatchule iti? Komanso bwanji pena yo sakuoneka, angolemba hablo basi? Ndisakachite manyazi chonde, BP ndili nayo kale.

Che Madrid: Mlongo wanga mvera ine, La Liga ndinayamba kuonera ena muno asanamere mano. Chisipanishi chenicheni ndi cha ku Spain. Munthu mmodzi tú, akachuluka vosotros, nkhani yatha. Zinazo ndi zakumudzi.

Make Mapasa: Che Madrid mufuna mwana wa eni amuthamangitse asanalowe ndi m'nyumba momwe? Tú ndi iwe. Inu apongozi anu mumawauza kuti iwe wadzuka bwanji? Asisi nenani usted. Mmodzi ¿cómo está usted?, akakhala onse awiri ¿cómo están ustedes? Akafuna okha adzakuuzani kuti muziti tú.

Che Madrid: Amayi inu ku Spain ana asukulu amati tú ngakhale kwa aphunzitsi awo. Usted ndi ya madala ndi kubanki.

Make Mapasa: Nanga apongozi si madala?

Ankolo a ku Joni: Ine za tú sindikuzidziwa koma ndifunse, mwamunayo munamuonapo maso ndi maso? Msuweni wanga anagwa m'chikondi cha pa intaneti chomwechi, akuti ndakutumizira katundu ali pa eyapoti ulipire kaye, anagulitsa mbuzi zonse, katunduyo mpaka lero tikudikira. Akangotchula ndalama thawani.

Mphunzitsi Wopuma: Anthu inu mukusokoneza mwanayu. Funso lake lachiwiri palibe waliyankha. Chichewa chimaika munthu kutsogolo kwa mneni, ndikuyankhula, ukuyankhula, tikuyankhula. Chisipanishi chimamuika kumapeto: hablo ndi ine, hablas ndi iwe, habla ndi iye, hablamos ndi ife, hablan ndi iwo. Ndiye yo safunika nthawi zonse, mofanana ndi mmene sitinenera "ine" pa chiganizo chilichonse, pokhapokha ukutsindika, ine ndalipira, iye sanalipire. Mukamati yo yo yo paliponse mumamveka ngati wodzikonda. China, usted amayenda ndi mneni wa iye, usted habla osati usted hablas, monga timafunsira agogo kuti "adzuka bwanji" tikuwayang'ana pamaso. Ndipo kamzere ka pamwamba musamakasiye, tú ndi iwe koma tu ndi chako, él ndi mwamuna uja koma el ndi kamawu kongotsogolera dzina. Ana a masiku ano ngakhale Chichewa chomwe mukulemba ngati nkhuku yapalasa.

Mwana wa ku Angonia: Kuno ku Tete zimenezi n'zosavuta, m'Chipwitikizi timati eu, tu, ele, ela, nós. Você wathu ndi usted wawo ndi pachibale, onse anachokera ku ulemu wakale wopatsa mabwana, vossa mercê ndi vuestra merced. Bwenzi mutayamba Chipwitikizi asisi, chili pafupi pompa, mungodutsa pa Dedza.

Che Madrid: Palibe wafunsa za Chipwitikizi apa.

Nachisale 265: Koma asisi makolowo ndi a dziko liti? Yankho lonse lagona pamenepo. Ngati ndi a ku Mexico, Cuba, Peru kapena kwina ku Latin America, vosotros muiwaleni, kumeneko anthu akachuluka ndi ustedes kaya ndi ana kaya ndi akulu. Ku Colombia ndi Costa Rica ena amati usted ngakhale kwa mwana wawo. Ku Argentina ndi Uruguay m'malo mwa tú amati vos. Mwati si mzungu, mwina ndi wa ku Equatorial Guinea, nakonso amayankhula Chisipanishi. Tiuzeni.

Leo 10: Eya vos! Vos sos, vos tenés, ndi mmene amayankhulira Messi mwana wa ku Rosario. Chisipanishi chotenga World Cup 2022 ku Qatar kkkkk

Che Madrid: Iwe usandiyambe. Spain inatenga 2010 uli kumkaka. Chiyankhulo chikutchedwa Chisipanishi osati Chiajentina, eni ake akuti vosotros habláis ndiye iwe ndiwe ndani?

Nachisale 265: Che Madrid, Mexico yokha ili ndi anthu oposa 120 miliyoni, Spain sikwana ndi 50 miliyoni. Ndipo ku Spain komweko, ku zilumba za Canary, amati ustedes. Ndiye akumudziwo ndi ati?

Che Madrid: Kuchuluka si kudziwa. Usipa ndi wambiri kuposa chambo.

Anti Fulo: Ine chimene chinandinyansa n'kusiya kuphunzira ndi nosotros. Akazi okhaokha ndi nosotras, koma pakangolowa mwamuna mmodzi olo akhale khanda la dzulo gulu lonse lasanduka nosotros. Ellas chimodzimodzi, asanduka ellos. Amuna anatipondereza mpaka mu galamala.

Ankolo a ku Joni: Anti zimenezo si nkhani, nkhani ndi yoti mwanayu asatumize ndalama.

M'bale mwa Ambuye: Pempherani kaye mlongo, chinenero Mulungu amapereka. Nanga ankhoswe akudziwa za vidiyo imeneyi?

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, Aphunzitsi ndalemba m'kope. Ankolo ndalama sanandipemphepo, ndi iyeyo amanditumizira bandulo. Achemwali aja aona positi iyi andizindikira chifukwa cha nkhani ya foni, pano akunditukwana ku inibokosi. Ndiye mwati ndinene usted kapena vosotros? Agogo akenso akuti adzakhalapo.

Nachisale 265: DZIKO LAKE asisi, dziko!

Make Mapasa: Ustedes mwana wanga, kulikonse sangakutukwane nayo. Ndipo uvale chitenje.

Che Madrid: Vosotros. Amene akutsutsa tikumane Lamlungu pa gemu, ndidzakhala pa mpando wakutsogolo.