Mabuku a zithunzi a mlembi mmodzi: ndiwaphunzitse bwanji mu Grade 2?

Nambewe (Rosettenville):
Aphunzitsi anzanga, ndigawireni nzeru. Kalasi ndi ya Grade 2 kuno ku Joni, ana 42, ndipo timaphunzitsa m'Chingerezi. Ana 9 kwawo amayankhula Chichewa, ena Chizulu, Chisutu ndi Chishona. Tili ndi mabuku a zithunzi 6, onse a mlembi mmodzi, koma mutu uliwonse ndi buku limodzi basi. Ndiziwerenga limodzi pa tsiku? Nanga ndingachite fotokope kuti mwana aliyense akhale ndi lake?

aPhiri (Turffontein):
Mayi Nambewe, limodzi pa tsiku ayi, kumeneko n'kutungira madzi m'dengu. Buku limodzi lidye sabata yonse. CAPS, silabasi ya sukulu za boma kuno ku South Africa, imapereka mphindi 15, masiku atatu pa sabata, zowerengera limodzi ndi ana, ndiye gawani chonchi.

Tsiku loyamba musawerenge liwu ndi limodzi lomwe. Phimbani malemba ndi kapepala, ana aone chikuto ndi zithunzi zokha, anene zomwe akuganiza kuti zichitika. Masamba awiri omaliza musaonetse. Tsiku lachiwiri werengani nkhani yonse, osaima koposa katatu. Apa mpamene ambiri timalakwitsa: funso pa tsamba lililonse, nkhani n'kufera m'manja, ana n'kuyamba kutsinana. Tsiku lachitatu bwererani pa masamba awiri okha, mutolepo mawu atsopano 5, muwalembe pa makadi, ana awapeze m'buku ndi chala.

Phindu la mlembi mmodzi limaoneka pa buku lachitatu. Ana amakhala atazolowera kayankhulidwe kake ndi nthabwala zake, ndiye mphamvu zawo zimapita pa tanthauzo. Mukamaliza onse 6, sabata ya 7 ayaleni pansi, mufunse kuti akufanana pati. Koma onani kaye pa chikuto: nthawi zambiri wolemba ndi wina, wojambula ndi wina, ndipo ana adziwe kusiyana kwake.

Nabanda (Yeoville):
Zomwe anena aPhiri n'zoona, koma ana 42 pa kabuku kamodzi, akumbuyo saona kanthu. Mwana akakhala patali kupitirira mamita atatu, nkhope za anthu a m'chithunzi zimasanduka madontho, pomwe nkhani yeniyeni ili pa nkhopepo. Agaweni pawiri, 21 abwere pa mkeka kutsogolo, enawo azilemba m'mabuku olembamo aja a DBE, unduna wa zamaphunziro, kenako asinthane. Inu khalani pa kampando kafupi, buku pafupi ndi phewa, ndipo musayang'anitse masamba ku windo chifukwa pepala lonyezimira limathobwa m'maso. Poonetsa chithunzi yendetsani buku pang'onopang'ono kuchokera kumanzere, muwerenge mpaka 5 mumtima musanatembenuze tsamba.

Kanthu kena kakang'ono: mabuku otere ambiri amakhala ndi masamba 32 koma opanda manambala. Lembani manambala ndi pensulo pakona, mudzathokoza tsiku lachitatu lija.

Za fotokope, buku lonse lamwini osajambula, lamulo la umwini wa zolemba limaletsa. Komanso chithunzi chikataya mitundu chimangotsala mwaye. Mukafuna oti aliyense agwire lake, pitani pa webusaiti ya Book Dash kapena ya African Storybook. Kumeneko amalola kusindikiza ndi kumasulira kwaulere. African Storybook imayendetsedwa ndi bungwe la Saide kuno ku Joni komwe, ndipo pofufuza yesani Chichewa ndi Chinyanja pomwe.

aGama (Mayfair):
Ine ndikhudze za ana 9 aja. Chonde musamasulire mzere ndi mzere powerenga. Mwana akadziwa kuti Chichewa chikubwera, amatseka makutu pa Chingerezi n'kumadikira, ndipo enawo amatopa. Chabwino n'kuwatenga padera mphindi 5 Lolemba m'mawa, muwafotokozere mutu wa nkhani m'Chichewa, osaulula mathero. Pa mkeka mwana akayankha m'chiyankhulo chakwawo, vomerani, mubwereze yankholo m'Chingerezi, kalasi yonse inene. A Chizulu ndi a Chishona achitireni chimodzimodzi, anzawo akuthandizani kumasulira.

Posankha mawu 5 aja, kumbukirani khutu la mwana wa Chichewa. Ife tili ndi mavawelo 5 okha, ndiye "ship" ndi "sheep" kwa iye ndi liwu limodzi. L ndi r kwathu sasiyanitsa tanthauzo, choncho "play" ndi "pray" amazisokoneza, ndipo amakonda kuwonjezera vawelo kumapeto kwa liwu. Chithunzi chimathandiza apa: lozani nkhosa, nenani liwu, mwana aone pakamwa panu.

Ndipo ngati m'buku muli mzere wobwerezabwereza, uperekeni kwa ana kuti ukhale wawo, monga "tili tonse" wa pa nthano. Ngakhale wamanyazi amatsegula pakamwa pamenepo. Koma samalani, kuloweza si kumva. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021, woyesa kawerengedwe ka ana m'maiko osiyanasiyana, anapeza kuti ana 81 pa 100 alionse a Grade 4 m'dziko lino la South Africa sawerenga momvetsa. Tsekani buku, mwana afotokoze nkhani ndi mawu ake, pamenepo mudziwa.

Nambewe (Rosettenville):
Zikomo kwambiri nonse. Funso lotsiriza: ndiziwabwereka ana mabukuwa kuti akawerenge kunyumba?

aPhiri (Turffontein):
A 6 amenewo asatuluke m'kalasi, mayi. Likasowa limodzi, dongosolo lonse lagwa. Akutireni ndi pulasitiki, ndipo matani tepi m'kati mwa chikuto pamene chimalumikizana ndi tsamba loyamba, chifukwa mpamene amayambira kung'ambika. Kunyumba tumizani osindikizidwa kuchokera pa webusaiti aja, Lachisanu, abwere Lolemba.