Kukwera Zomba Plateau pagulu, njinga yangayi ifika?

Wa_ku_Chinamwali:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Anzanga a kuntchito akonza zoti Loweruka likubwerali tipalase pagulu kuchoka mtauni kukwera ku Chawe, kenako tizungulire pamwamba mpaka ku Chingwe's Hole nkubwerera. Njinga yanga ndi mountain bike ya pakaunjika, magiya alipo koma ena amadumpha ndikaponda mwamphamvu, ndiye ine ndinazolowera phula basi. Ndikonze chani? Kapena ndingowauza kuti ndili ndi malungo kkkk

Mapedulo:
Achimwene musathawe, koma magiya odumphawo pititsani kwa mekaniki lero lomwe, nthawi zambiri imakhala tcheni yakutha kapena kebulo yalefuka. Pa phiri lija giya yopepuka ndiye moyo wanu. Mpaka ku Chawe ndi phula koma chitunda chake chilibe popumira, mukwera mamita opitirira 500 musanalawe ndi fumbi lomwe, ndipo vuto la pagulu ndi loti anyamata amanyamuka ngati akuthamangitsidwa ndiye iwe umafuna usaoneke wofooka, kufika pa damu la Mulunguzi miyendo yayamba kale kukokana. Asiyeni apite, ambiri mukawapeza akukankha. Pamwamba msewu ndi wadothi, pena miyala, pena mizere yokumbika ndi madzi komanso malole onyamula matabwa. Mukafika pamenepo phwetsaniko matayala pang'ono, olimba kwambiri amangodumphadumpha osagwira pansi.

Nachisale265:
Nonse mukukamba zokwera, ine chimandiopsa ndi kutsika. Pokwera ukatopa umangotsika nkukankha, palibe wafa nazo. Koma potsetsereka pa timiyala tija ukangofinya buleki yakutsogolo yokha pa kona, wapita chamutu. Gwirani onse awiri pang'onopang'ono musanalowe pa kona, thako libwerere kumbuyo kwa chishalo, maso patsogolo osati pa tayala. Ndipo musamamatire kumbuyo kwa mnzanu, fumbi lake likuphimbani maso ndipo iye akagwa inunso muli pompo. Helemeti bwerekani ngati mulibe. Ma rabala a mabuleki ngati adyeka gulani atsopano, si odula.

Mdala_wa_Kabaza:
Kkkk ana inu ndi magiya 21 mukudandaula chani? Anthu amatsika phiri lomwelo ndi nkhuni zodzadza pa kaliyala, njinga yopanda giya ndi imodzi yomwe. Idyani nsima basi.

Nachisale265:
Madala, amenewo njingayo amakwera nayo chokankha, ndipo ngakhale potsika ambiri amayenda pansi ataigwira mahandulo. Nsima ya mmawa omwewo ayi, ikukhalani pamtima pa chitunda choyamba. Idyani usiku wake, mmawa phala kapena mbatata, nthochi ndi mtedza mthumba.

Wa_ku_Chinamwali:
Zikomo nonse. Nanga madzi botolo limodzi likwana? Ndipo juzi ndiyofunika?

Mapedulo:
Awiri, limodzi muthiremo shuga ndi kamchere. Ku Chingwe's Hole musadalire zopeza golosale. Juzi yopepuka tengani, nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000 ndipo nkhungu ikagwa kumazizira zoopsa pamene mtauni kukutentha, thukuta likauma pathupi mumanjenjemera potsika. Chubu chapadera, mpope ndi guluu womatira zikhale zanuzanu, osadalira za gulu poti tayala likaphwa muli kumapeto mwini mpope amakhala ali kutali. Muuzanenso kuti wina wodziwa njira azikhala kumbuyo, timisewu ta mnkhalango ya paini timafanana kwambiri. Ndalama pang'ono ya ma strawberry a mmbali mwa msewu musaiwale, ndi kunenerera komwe.