Achimalume akufuna kusudzula bambo, kodi nyumba yomwe anamanga okha aisiye?

Admin, chonde mundibisire dzina. Abale anga ambiri ali pagulu pompano.

Bambo anga ali ndi zaka 71. Analowa usilikali mu 1976 ku Cobbe Barracks ku Zomba, ndipo anali m'gulu la asilikali omwe anatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Za kumeneko sakamba, koma mpaka lero galimoto ikaphulitsa tayala pamsewu amadzidzimuka. Atapuma usilikali analowa ntchito pafakitale ina ku Makata. Ankadzuka 4 koloko, njinga kuchokera ku Lunzu mpaka m'tauni, madzulo kubwerera. Makina anawagonthetsa khutu limodzi.

Ndalama zawo zopumira usilikali anamangira nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, pamalo a kwawo kwa mayi kufupi ndi Lunzu, poti kwathu n'kwa chikamwini. Ana tonse 5 tinakulira m'menemo. Ukwati wawo unadalitsidwa kutchalitchi, ndipo bambo akhala mkulu wa mphakati zaka zambiri. Maliro a m'mudzimo, wotsogolera kolona usiku wonse amakhala iwo.

Mayi anatisiya chaka chatha. Tsopano achimalume awiri akuti nthawi yakwana yoti bambo asudzulidwe, atenge katundu wawo abwerere kwawo ku Mulanje. Kwawo kwake kuti? Makolo awo anatha kalekale, minda anagawana adzukulu, munthu anachokako ali mnyamata. Chomwe chikundipweteka n'chakuti mmodzi mwa achimalumewo sukulu anamulipirira ndi bambo omwewa. Ndipo tamva kuti mwana wake ndi amene akufuna kulowa m'nyumbamo.

Bambo akuti tisakangane ndi eni mbumba, iwo akhoza kukagona ngakhale pakhonde la tchalitchi. Ine sindikuvomera. Mchemwali wanga akuti tiwatengere kwa iye ku Ndirande, koma iwo akukana kutalikirana ndi manda a mayi, amapitako Lamulungu lililonse Misa ikatha. Odziwa malamulo ndi miyambo, tiyambire pati?

Mayankho

Mayi wa ku Chilomoni: Pepani mwana wanga. Kusudzula si kuthamangitsa ayi. Mwambowo tanthauzo lake n'kumasula munthu kuti akafuna kukwatiranso akhale womasuka. Mkamwini wokalamba, woti wabereka ana pamudzi, akuluakulu akale ankamuuza kuti khalani muzilera ana anu. Malume anuwo akupotoza mwambo dala chifukwa cha malata.

Wa zamalamulo: Pali lamulo la 2011 la chuma cha masiye, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act. Munthu akamwalira osasiya wilu, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, osati achimwene ake. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pansi pa lamulo lomwelo. Nkhani ya malo ndi yomwe imavutirapo, poti malo a makolo amayendera mafumu ndi mbumba, koma inu anawo ndinu mbumba yomweyo kudzera mwa mayi anu. Pitani ku Legal Aid Bureau ku Blantyre konkuno. Sonkhanitsani chilichonse chosonyeza kuti anamanga ndi bambo: malisiti a simenti, mapepala a penshoni, ngakhale mmisiri amene anamanga ngati ali moyo.

Mnyamata wa ku Bangwe: Ine ndisiyana nanu pang'ono. Mukathamangira kukhoti mupambana, koma madalawo ndi amene azikhala pakati pa anthu osawapatsa moni. Yambani kwa ankhoswe, kenako kwa amfumu. Ndipo olankhula mukhale inu ana, makamaka aakazi. Nenani kuti nyumbayi ndi yathu ndipo tikusungamo bambo athu.

Mlongo mwa Ambuye: Bambo Mfumu a parishi yanu mwawauza? Munthu wotumikira mphakati chonchi asavutike yekha. Ku parishi kumakhala komiti ya Chilungamo ndi Mtendere, CCJP, nkhani zotere amazitsata mpaka kwa amfumu.

Msilikali wopuma: Inenso ndinali ku Nacala. Auzeni bwanawo kuti kugonja kumeneko ayi. Afunseni ngati analembetsa ku bungwe la asilikali opuma la VELOM, anzawo tikhoza kubwera kudzakhala nawo pabwalo tsiku la mlandu. Wina akadzangoyerekeza kutulutsa katundu, thamangirani ku Victim Support Unit kupolisi tsiku lomwelo.

Mwini funso: Zikomo nonse. Ankhoswe a mbali ya mayi anamwalira, otsala ndi a mbali ya bambo, ali ku Mulanje ndipo sayenda bwino. Kodi amfumu angamve nkhaniyi popanda ankhoswe? Achimalume anena kuti abwera Loweruka likudzali.