Tikuphunzitsa ana coding ku Chitakale koma akutha mmodzimmodzi, tipange bwanji?

wa_ku_Chitakale:
Moni nonse. Pali nkhani yomwe yandisowetsa tulo ndiye ndati ndifunse kuno mwina ena munadutsamo kale. Ine ndi anzanga awiri tinayamba kagulu kophunzitsa ana coding (kulemba mapulogalamu a kompyuta) kuno ku Mulanje, ambiri ndi ana a anthu othyola tiyi m'maesiteti ndi ena omwe makolo awo amagulitsa nanazi ndi nthochi pamsewu, ana oti kompyuta amangoionera patali kubanki basi. Tili ndi malaputopu 6 akale omwe anatipatsa munthu wina wakufuna kwabwino, awiri batire linafa kalekale moti magetsi akangothima kalasi yatheranso pomwepo. Timakumana Loweruka m'mawa m'chipinda chobwereka. Tsiku loyamba anabwera 31 mpaka ena kusuzumira pawindo, pano atsala 9 ndipo atsikana ndi awiri okha. Ya bando ndi ya thiransipoti ikuchoka m'thumba mwathu. Ndiye funso langa lili pawiri, tilembetse ngati NGO kuti mwina madona, aja opereka thandizo la ndalama, ationeko? Nanga anawa tiwagwire bwanji kuti asamathawe? Tikuwaphunzitsa Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu.

mphunzitsi_Luchenza:
Achimwene, Python kwa mwana woti mausi sanaigwirepo? Ndiye akhaliranji. Ine chaka changa choyamba ndinaona mnyamata wa Fomu 1 atanyamula mausi m'mwamba nkumaloza nayo sikirini ngati rimoti ya TV, anzake kumuseka, sabata yotsatira sanabwerenso. Yambani ndi Scratch, ija anapanga a MIT ku America. Ndi yaulere, mumaikoka kamodzi nkuiika pa fulashi, kenako intaneti siifunikanso. Mwana amangolumikiza timabuloko ngati akumanga njerwa ndipo kamphaka ka pa sikirini kamayenda tsiku lomwelo, akaona kuti kamumvera iyeyo simungamuchotsenso pampando.

Za magetsi musamabalalitse kalasi. Tulukani panja, mmodzi akhale loboti, anzake azimulamula kuti yenda masitepe atatu, tembenukira kumanja, nyamula choko. Akalakwitsa lamulo loboti ikagunde mtengo, aseke, akonze. Imeneyo ndiye debugging, kupeza ndi kukonza cholakwika mu pulogalamu. Ndipo loop anawa akuidziwa kale kuposa inu, afunseni mmene mayi awo amathyolera tiyi: masamba awiri ndi kansonga, ponya m'dengu kumsana, bwereza mpaka dengu lidzadze, kenako kusikelo. Mukawalembera zimenezo pa bolodi nkuwauza kuti iyi ndiye while loop mudzaona maso kuwala. Python idzabwera yokha pakatha miyezi ingapo.

mkulu_wa_pa_Boma:
Za NGO musathamange mphwanga. Kulembetsa ku NGORA, oyang'anira ma NGO, omwe kale tinkati NGO Board lamulo lisanasinthidwe mu 2022, kumafuna matrasti, malamulo a bungwe olembedwa, ndalama yolembetsera, ndipo chaka ndi chaka mumapereka malipoti ndi mabuku a ndalama oti aunikidwa ndi oditala. Inu bando ikukuvutani, oditala mumulipira chani? Yambani ngati CBO, kabungwe ka m'dera. Kaonaneni ndi amfumu ndi a VDC (komiti ya chitukuko cha m'mudzi) akupatseni kalata, mupite nayo ku ofesi ya Social Welfare pa boma, mutsegule akaunti ya gulu yosainira anthu awiri kapena atatu. Chonde ndalama za gulu zisamalowe pa Mpamba kapena Airtel Money ya munthu mmodzi, ubwenzi wambiri unathera pamenepo, ndikunena zomwe ndinaziona ndi maso angawa.

Setifiketi payokha siitana dona. Chomwe amafunsa ndi kaundula wa ana obwera sabata iliyonse, malisiti, ndi zomwe anawo apanga. Gulani hadikava lero.

kabaza_Limbuli:
Ine ndingofunsa, musakwiye. Mwana waphunzira coding, kenako? Ntchito yake ili kuti kuno? Kholo likuwerengera kuti Loweruka mwana akapita ku ganyu kapena kumsika ku Limbuli abwera ndi ya ndiwo, inu mukumubweza chimanjamanja ali ndi njala. Bwanji osawaphunzitsa kutayipa ndi Excel ndi kukonza mafoni, zoti mawa lomwe atha kupeza nazo kangachepe pa siteshonale.

mphunzitsi_Luchenza:
Akulu a kabaza sakunama, ine ndimasakaniza. Ola loyamba kutayipa ndi Excel, lachiwiri Scratch. Koma osanena kuti coding ilibe kopita, yunivesite ya sayansi ya MUST ili pa Ndata pompa m'boma la Thyolo, inatsegulidwa 2014 ndipo za makompyuta amaphunzitsa. Mwana wa pa Goliati amaiona yunivesite tsiku ndi tsiku koma sadziwa kuti angalowemo. Achimwene a ku Chitakale, kapempheni ophunzira akumeneko azibwera ngakhale kamodzi pamwezi, muziwapatsa ya minibasi yokha, ambiri amafuna poyeserera.

nachisale_Bvumbwe:
Abambo nonse mwakamba za makina koma atsikanawo palibe wafunsa kuti apita kuti. Loweruka m'mawa mwana wamkazi akutunga madzi, akuchapa mayunifomu a nyumba yonse, akulera mng'ono wake poti mayi ali kumunda wa tiyi, makamaka nyengo ya mvula ino pomwe tiyi waphukira kwambiri ndipo sikelo siidikira munthu. Inu mwaika kalasi nthawi yomweyo. Sinthani ikhale masana cha m'ma 2 koloko, ithe dzuwa likadalipo chifukwa palibe mayi angalole mwana wake wamkazi kudutsa m'tiyi kukuda.

Chachiwiri, muli amuna atatu okhaokha. Ine ngati kholo sindingatumize mwana wanga kwa anyamata atatu osawadziwa m'chipinda chotseka, mundikhululukire koma ndi mmene zilili. Pezani mayi mmodzi wa mother group ya pasukulu azikhala nanu, chitseko chizikhala chotsegula. Ndiponso muonetsetse pa laputopu, anyamata amalanda kiyibodi mtsikana nkumangoonerera ngati ali pa video show. Kwathu tinkaika atsikana awiriawiri paokha nkumasinthana mphindi 10 zilizonse, wina akutayipa wina akumuuza chochita.

Ndipo phala. Ngakhale la mgaiwa lothira nsinjiro, makolo atha kusonkha ufa pang'onopang'ono mukawaitana nkuwaonetsa zomwe ana awo apanga, osati kungowatumizira uthenga.

wa_ku_Chitakale:
Mayi a ku Bvumbwe mwandilasa pamtima, zoti tili amuna okhaokha sindinaziganizeko nkomwe. Scratch ndaikoka usiku wathawu pa bando ya usiku, yalowa m'malaputopu 5, inayo ikukana kaya ndi Windows yake yakale ija. Za NGO taziika kaye pambali, Lachiwiri ndikaonana ndi amfumu. Chatsala ndi magetsi, tinafunsa mtengo wa sola ndi inveta koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu zimenezi sizikugwirika, ndiye ngati alipo akudziwa kogula mabatire a laputopu za HP zakale ku Limbe pamtengo wabwino andiuzeko, ndikufuna awiri.