Mwana wanga wa third year akufuna summer placement ya labu, ndimulozere kuti?

Lekichala wa biochem: Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndili ndi mtsikana wa third year wakhama zedi, akufuna malo a research kunja oti amulipirire zonse. Wadzaza fomu ya DAAD RISE, pulogalamu ya research yaku Germany, mpaka kumapeto ndiye akuona kuti sakuloledwa, wabwera ku ofesi nkhope ili gwa. Ndimuuze ayese kuti?

Tekinishani: Pepani madam, RISE ija ndi ya ophunzira aku America, Canada, UK ndi Ireland basi. Amgen Scholars yaku Europe nayonso imafuna ukhale pa yunivesite yakonko. Asatherenso bandulo pamenepo

Postdoc ali kunja: Ayese Vienna BioCenter Summer School, ISTernship ya ISTA ku Austria, ndi Summer Research Program ya EPFL ku Lausanne. Izi zimatenga ana ochokera dziko lililonse ndipo ka stipend kamakhalapo. Koma mafomu amatseka msanga kukadali miyezi ingapo, pomwe ntchito yake ndi ya cha mu Julaye ndi Ogasiti, kwathu kukuzizira kuja, ndiye onani kalenda yanu ngati semesita sikhala ili mkati

Lekichala wa biochem: Iii pamenepo pavuta, mwina idzakhala nthawi ya mayeso

Adokotala a department ina: Za mayesozo lemberani a Dean pano pano musadikire offer. Koma ine nkhawa yanga ndi CV. Ana athu theory ali nayo koma ukawafunsa unayamba wathamangitsa gel yolekanitsira ma protein kapena DNA wekha amangoyang'ana pansi, mapraktiko amachita gulu la anthu khumi pipette imodzi, wina amangolemba manambala osagwira kanthu mpaka kumaliza sukulu. Ndiye kalata yanu ikamangoti mwana wakhama waulemu, azungu aja sawerenga nkomwe

Tekinishani: Mubweretseni kwa ine holide ino madam. Apange Bradford yoyezera kuchuluka kwa protein ndi BSA standards mpaka curve iwongoke, athire yekha gel ya ma protein ya SDS-PAGE, achotse DNA. Bola ESCOM itikomere mtima, ma reagent mu firiji alipo pang'ono

Postdoc ali kunja: Eeh zimenezo! Mu kalatamo mulembe zenizenizo, kuti anapanga chakuti, chinakanika, anakonza mwakuti. Ndipo pa fomu asankhe ma labu atawerengako pepa imodzi ya PI (mkulu wa labu) aliyense, asamangotchula kuti ndimakonda sayansi

Adokotala a department ina: Pasipoti ali nayo?

Lekichala wa biochem: Ndamufunsa pompano akuti ayi. Ndamuuza ayambe imeneyo ndi transcript mawa, Lolemba 8 koloko akupezani ku labu achimwene

Tekinishani: Abwere ndi lab coat ndi nsapato zotseka